Chaka Chimene a Likongwe Analetsedwa Kuthamanga

A Bennet Likongwe anafika ku Leicester mu 2004 atavala suti ndi nsapato zosongoka, potsatira akazi awo, mayi Nellie, omwe anatsogola chaka chimodzi kudzagwira unesi pa chipatala cha boma. Kwawo anali mphunzitsi wa jogalafe pa sekondale ina ku Balaka. Kuno mapepala awo a uphunzitsi anthu anawayang'ana ngati nyuzi yakale yokulungira zitumbuwa. Choncho anayamba ndi fakitale ya masangweji, kumene anatha zaka zisanu akuyala nkhaka pa buledi, kenako analowa ntchito pa nyumba ina yosamalira okalamba, ndipo ndi pomwe anakhazikika.

Ankakhala ku Highfields, m'nyumba zogundanagundana zija zoti wa khomo linalo akayetsemula, iwe umayankha kuti pepani. Anali munthu wamfupi, wadazi, mimba ili patsogolo ngati ikudziwa njira. Ntchito yawo ankaidziwa. Nkhalamba zachizungu zokana mankhwala kwa wina aliyense zinkameza bwinobwino akabwera nawo a Likongwe, chifukwa ankayamba afunsa za galu amene anafa mu 1970. Mowa sankamwa, kutchalitchi sankajomba. Chilema chawo chinali chimodzi: mpira. Osati kuonera ayi, koma kufotokoza mpira umene ankati anasewerapo iwo.

Malinga ndi pakamwa pawo, mu 1983 ku koleji ya aphunzitsi kunalibe nambala seveni ngati iwo. Anzawo anawapatsa dzina loti Mphezi. Pa masewero otsiriza a chaka chimenecho anachinya zigoli ziwiri. Umo ndi mmene nkhani inkamvekera pamene ankafika ku Leicester. Pofika 2010 zigolizo zinali zitatu, ndipo pa chinkhoswe cha mwana wawo Thandi zinakwana zinayi, chimodzi chamutu. Mayi Nellie sankatsutsa. Iwo anakumana ndi a Likongwe mu 1988, bondo litawonongeka kale. Linali bondo lodabwitsa, losapweteka pokwera basi kapena povina, koma lodzuka nthawi yomweyo wina akatulutsa mpira.

Mu 2018, ali ndi zaka 57, zinawagwera ziwiri mwezi umodzi. Dokotala anawauza kuti shuga ndi bipi zakwera, ayambe kutakataka. Kuntchito nako anachotsa mapepala n'kubweretsa matabuleti, timakompyuta ta m'manja. Sabata yoyamba a Likongwe anadina pena pake, makinawo n'kulemba kuti agogo ena adya chakudya cham'mawa kakhumi ndi kamodzi. Abwana anawatumiza ku kosi ya kompyuta, Lachiwiri lililonse masana, pa koleji ina ya anthu akuluakulu m'tauni.

Kumeneko ndi kumene anakumana ndi a Tayub, mmwenye wobadwira ku Limbe, yemwe anabwera kuno ali mnyamata ndipo anali ndi sitolo ya mpunga ndi zokometsera ndiwo ku Spinney Hill. Anali chimunthu chachikulu, mpando wa m'kalasi unkalira akakhalapo. Chichewa chawo chinali cha mumsika wa Limbe cha m'ma 1970, chokhala ndi mawu ena oti a Likongwe anawamva komaliza kwa kondakitala wa basi. Tsiku loyamba lomwe anagwirizana kuti kompyuta ndi chida cha Satana, ndipo tsiku lachiwiri a Tayub anali atamva kale za zigoli zinayi zija.

Mphunzitsi wawo anali mayi Hazel, mzungu woonda ngati bango, yemwe kale ankaphunzitsa zamasewero. Tsiku lina mu Seputembala analengeza kuti kolejiyo yagwirizana ndi makoleji ena asanu a m'chigawocho kuyambitsa ligi ya mpira woyenda, ya ophunzira opitirira zaka 50.

"Akuti mpira wotani?" a Likongwe anafunsa mnzawo chapansipansi.

"Woyenda, achimwene. Kuthamanga n'koletsedwa."

"Ndiye mawa atiuza za kusambira kopanda madzi. Azungu akakhuta amaganiza zambiri."

Koma a Tayub anali atakweza kale mkono, ndipo anauza kalasi yonse m'Chingerezi kuti pakati pawo pali katswiri wa ku Malawi wotchedwa Mphezi. Anthu anaomba m'manja. A Likongwe anagwira bondo, koma mayi Hazel anati masewerowa anawapangira eni mabondo otere. Dzina linalembedwa.

Masewerowa anali achilendo ndithu. Ankati anayambira chakumtunda konkuno ku Chesterfield zaka zochepa zapitazo, ndipo mu ligi yawoyo malamulo anali asanakhazikike. Bwalo lililonse linali ndi ake. Kwina ankati ukhudze mpira katatu kokha, kwina ankati ukhudze mpaka utope. Kwina mpira usapitirire mutu, ndiye mkangano n'kukhala woti mutu wa yani, poti ena anali aatali ngati mlongoti, ena ngati a Likongwe. Lamulo lomwe onse ankagwirizana linali limodzi: phazi limodzi likhale pansi nthawi zonse. Wothamanga katatu ankamuonetsa kadi ya buluu, akapume kunja mphindi ziwiri.

Timu inapezeka ndi anthu asanu ndi awiri. A Tayub anawaika pagolo, osati chifukwa cha luso, koma poti akaima pakati pankatsala malo ochepa. Panali mzungu wina wopuma pa ntchito yoyendetsa basi, yemwe anali ndi chitsulo m'chiuno. Panalinso a Dilshad, oyendetsa takisi, omwe ankasewera foni ili m'thumba ndipo inkalira pakati pa masewero iwo n'kuyankha.

Masewero oyamba anachitika mu Okutobala, pa kapinga wapulasitiki kuseri kwa koleji, ndi timu ya ku Loughborough. Usiku wathawo a Likongwe sanagone bwino, poti chinsinsi chawo ankachidziwa okha. Koma wezulo italira, mpira n'kugubuduka molunjika kwa iwo, china chake chinawalowa m'miyendo. Anauthamangira. Wezulo. Anauthamangiranso. Wezulo. Kachitatu woyimbira anatulutsa kadi ya buluu.

A Likongwe anatuluka m'bwalo chifuwa chili patsogolo kuposa mimba. Pa moyo wawo wonse kunali koyamba kuti munthu wovala yunifomu atsimikize pagulu kuti iwo athamanga. Timu inakwapulidwa 6 kwa duu, koma iwo atangofika kunyumba anaimbira mng'ono wawo ku Balaka.

"Iwe, kuno andichotsa m'bwalo chifukwa cha liwiro. Akuti ndikuopseza anzanga."

Anagonja masewero anayi otsatizana, ndipo pa onsewo a Likongwe anaona kadi ya buluu. Mayi Hazel ankawagwira dzanja pa zokonzekera n'kumayenda nawo ngati mwana wophunzira kuyenda, chidendene kaye, kenako zala. A Likongwe ankangoti, "Mwendo uli ndi mbiri yake, mayi. Sungauuze kuti uiwale."

Mu Disembala anapita ku Derby, kudera la Normanton, kumene ankasewerera m'holo ndipo lamulo lawo linkalola kumenyetsa mpira kukhoma. Akuvula majekete, mawu anamveka kuchokera mbali ya adani.

"Mphezi! Ambuye wanga, si Mphezi uyu?"

Anali a Jeremy Msukwa, omwe anagona nawo chipinda chimodzi ku koleji ya aphunzitsi zaka 35 zapitazo. Tsopano ankagwira ntchito m'fakitale ku Derby ndipo tsitsi lonse linali mbuu. Anakumbatirana, anamenyana pamsana, anafunsana za amoyo ndi akufa. A timu ya Leicester anasangalala kwambiri, poti ena anali atayamba kukayika ngati dzina lija linali lenileni. A Likongwe okha ndi omwe thukuta linayamba kutuluka masewero asanayambe.

Anagonja 3 kwa 1. Atatha, eni bwalo anakonza tiyi ndi mabisiketi, ndipo a Tayub anakokera mpando pafupi ndi a Jeremy.

"Achimwene, tatiuzani za zigoli zinayi zija. Chamutu chija chinali chotani?"

"Zigoli za yani?"

"Za Mphezi. Mu 1983."

A Jeremy anayang'ana a Likongwe, n'kuyang'ana a Tayub, kenako anaseka mpaka tiyi anatulukira m'mphuno. Sanachite mwankhanza, anangoganiza kuti ndi nthabwala yomwe onse akuidziwa.

"Uyu? Uyu ankanyamula ndowa ya madzi ndi chinkhupule! Dzina la Mphezi tinam'patsa chifukwa cha belu la kudayiningi. Belu likangoti nge, uyu wafika kale, mbale ili m'manja, ife tikufunafuna nsapato. Mpira anasewera kamodzi, mphindi khumi, tsiku lomwe theka la timu linatsegula m'mimba chifukwa cha nyemba. Anathamanga, eee, anathamanga zedi mzere wonse. Koma mpira sanaukhudze."

Azungu ndi a Dilshad anafunsa chimene chikuseketsa. A Tayub, misozi ili m'masaya, anamasulira zonse m'Chingerezi, osasiyako ngakhale nyemba. A Likongwe anaseka nawo mano okha. Pobwerera m'minibasi anakhala kumbuyo, nkhope ili pawindo, kuyambira ku Derby mpaka ku Leicester.

Kwa masabata atatu sanapite ku zokonzekera. Ku kalasi ankafika mochedwa n'kukhala pafupi ndi chitseko. Chinkawawawa kwambiri si kusekedwa, koma kuti anali atayamba kuukonda mpirawo, ndipo tsopano analibe nkhope yobwerera nayo. Lamulungu lina atachokera kutchalitchi anakhala pa mpando wa kukhitchini, mayi Nellie akusenda mbatata.

"Amake Thandi, pali nkhani. Za mpira zija, za ku koleji."

"Zoti munkanyamula ndowa?"

A Likongwe anafunsa kuti anazimva kwa yani.

"Anandiuza amayi anu mu 1989, tisanakwatirane. Anati mwana wangayu ndi wabwino, koma akayamba za mpira muzingovomera."

"Zaka zonsezi! Bwanji simunanene?"

"Ndinene chiyani? Mwamuna wosamwa, wosayendayenda, wobwera kunyumba tsiku lililonse, bodza lake limodzi lokha, lomwelonso la mpira. Ine ndinaona kuti ndatola. Tandipatsani poto uyo."

Sabata yoyamba ya Januwale a Tayub anagogoda pakhomo atanyamula mbale ya masamusa ochokera kwa akazi awo, mayi Khairunisa. Anadzaza khonde lonse lolowera, chipewa chili m'manja.

"Achimwene, ndinalakwa kumasulira. Nyemba zija ndikanazisiya. Koma tamverani, tonse ndife abodza. Ine ana anga ndimawauza kuti ndinawoloka Shire posambira, chonsecho ndimaopa ndi bafa lomwe. Vuto ndi ili: awiri asiya, wina msana, wina mkazi wake wamuletsa. Tatsala anayi. Inu mukabwera tikhala asanu, koma pafunika asanu ndi mmodzi. Tikalephera Loweruka atichotsa mu ligi."

A Likongwe anayamba kufotokoza za bondo. Mayi Nellie, omwe anali ataluma kale samusa, anafunsa ali chiimire, "Azimayi amaloledwa?"

Ankaloledwa, bola akhale ophunzira. Lolemba mayi Hazel anawalembetsa kosi yokongoletsa makeke, yomwe mayi Nellie anapitako kamodzi n'kukangana ndi mphunzitsi pa nkhani ya shuga. Loweruka anatulukira m'bwalo atavala nsapato zawo zakuntchito, a Likongwe ali pambuyo, poti sakanatsala kunyumba akazi awo akupita ku mpira ndi amuna anayi.

Zimene zinachitika tsiku limenelo timu ya ku Nottingham sinazimvetse. Mayi Nellie anali atatha zaka makumi atatu m'mawodi, kumene nesi saloledwa kuthamanga kuopa kuopseza odwala, koma ayenera kufika msanga. Ankayenda ngati akutsetsereka, mapewa ali phee, miyendo yokha ikugwira ntchito. Azibambo ankawatsatira akupuma ngati ng'ombe zokoka ngolo, ena n'kuyamba kuthamanga, wezulo n'kulira. Woyimbira anagwada pansi kuyang'anitsitsa mapazi awo, koma sanapeze mlandu. Kumenya mpira sankadziwa kwenikweni, ankangoukankha ndi chala chachikulu, koma pofika pamenepo amakhala atatsala awiri ndi goloboyi. Anachinya ziwiri. Leicester inapambana koyamba, 2 kwa 1.

A Likongwe timu inawabweza kumbuyo, ndipo kumeneko, poti panalibenso dzina loti aliteteze, anaima n'kuyamba kuyang'ana. Anapeza kuti akuona mipata imene anzawo sankaiona. Ankaimitsa mpira, kudikira, n'kuukankhira pamalo pamene mayi Nellie afike, uku akukuwa, "Amake Thandi! Kumanzere!" Azungu a m'timu anaganiza kuti limenelo ndi dzina lawo, moti bwalo lonse linayamba kukuwa "Makitandi! Makitandi!" Kunyumba zinthu zinasintha pang'ono. Pa chakudya mayi Nellie ankasuntha mchere ndi makapu pofotokoza pamene amuna awo analakwitsa, ndipo a Likongwe anazindikira kuti kumvera nkhani za mpira za munthu wina ndi ntchito yolemetsa.

Mu Febuluwale, Lachinayi lina lozizira pa zokonzekera, a Tayub anakhala pansi pakati pa golo. A Dilshad anaseka kuti goloboyi wayamba sitiraka. Mayi Nellie anangoyang'ana nkhope ya a Tayub kamodzi, yotuwa ngati phulusa, dzanja lili pachifuwa, ndipo anathamanga. Anathamangadi, kudutsa bwalo lonse, akukuwa kuti wina aitane ambulansi. A Likongwe anagwada pambali atagwira dzanja lalikulu lija, lozizira ndi lonyowa, akungobwereza kuti, "Tili pano, a Tayub, tili pano." Zaka zambiri anali ataona nkhalamba zikutsirizika pa ntchito, koma sanaopepo ngati tsiku limenelo.

Unali mtima. Madokotala anatsegula mtsempha wotsekeka n'kuikamo kachitsulo, ndipo anati kufulumira kwa mayi Nellie ndiko kunathandiza. Patatha masiku atatu a Likongwe anakawaona. Anapeza a Tayub atakhala tsonga pabedi, akunyoza chakudya cha m'chipatala m'Chichewa chosayenera kulembedwa, mayi Khairunisa akuwaletsa. Kenako anatulutsa magolovesi awo pansi pa pilo.

"Tengani, achimwene. Kwatsala masewero atatu."

"Ine? Sindinaimepo pagolo."

"Nanga kutsogolo munaimapo? Tamverani. Musadumphe, musaganize. Ingoimani pakati. Mimba muli nayo, Mulungu anakupatsani. Igwiritseni ntchito."

Wa msana uja anabwerera kuti akwane asanu ndi mmodzi. Masewero oyamba pagolo a Likongwe anamwa zisanu, chifukwa ankadumpha ndiponso ankaganiza. Achiwiri anamwa ziwiri. Otsiriza anali mu Epulo, pakwawo, ndi a ku Derby omwe aja. A Tayub anabwera atafunda bulangete, atakhala pa mpando wopinda kuseri kwa golo, akulangiza mosalekeza. Mayi Nellie anachinya chigawo choyamba, a Derby anabweza chachiwiri. Kutatsala mphindi ziwiri, mzungu wachitsulo m'chiuno uja analowa m'dera la goloboyi, kumene osewera ena saloledwa, akuti ankafuna kufunsa nthawi. Woyimbira analoza penate.

Woponya anali a Jeremy. Anaika mpira pansi, n'kumwetulira.

"Pepa, Mphezi."

"Imani! Osasuntha!" a Tayub anakuwa kumbuyo.

A Jeremy anaponda kamodzi n'kuumenya ndi mphamvu zonse. A Likongwe anaona mpira ukubwera molunjika kumaso, ndipo anachita zimene thupi linawauza: anatsinzina, anatembenuka, n'kuwerama atagwira mutu. Mpira unawamenya thako lakumanja, phwaa, kumveka mpaka poimika magalimoto, n'kutuluka kunja. Masewero anathera 1 kwa 1. Timu yonse inawaunjikira, mwakuyenda ndithu, a Tayub akumenya mpanda ndi ndodo, mayi Khairunisa akuwakumbutsa za mtima.

Anathera pa nambala yachisanu mwa matimu asanu ndi limodzi. A nambala yotsiriza anali atasiya ligi mu Januwale chifukwa cha ziuno, koma mfundo imeneyi a Likongwe sankaiona kuti ndi yofunika kuitchula. Lamulungu kutchalitchi anauza azibambo kuti anauwerenga mpirawo m'maso mwa woponya n'kuutchinga ndi mbali ya thupi. Tsoka ilo, a Dilshad anali atajambula ndi foni ya m'thumba ija, ndipo kanemayo anali atafika kale kwa Thandi, kwa azimayi a kwaya, ndi ku Balaka. Mng'ono wawo anaimba kufunsa ngati atha kukhala pansi.

Dokotala atawayezanso anapeza kuti shuga watsika ndipo lamba wabwerera mabowo awiri. Kosi ya kompyuta anakhoza movutikira, ndipo kuntchito agogo aja anabwerera pa kudya kamodzi m'mawa.

Kumapeto kwa Epulo a Likongwe anayenda wapansi kupita ku Spinney Hill kukabweza magolovesi. Anali asanawachape chiwalandirireni, poopa kuchotsa mwayi. Mayi Khairunisa anatsegula chitseko, ananunkhiza kamodzi, n'kubwerera m'mbuyo.

"Inu lowani, bambo Likongwe. Koma zimenezo m'nyumba mwanga ayi."

Anawapachika pa mpanda wa kutsogolo, ndipo poti a Tayub sanafune kuwasiya okha, azibambo awiriwo anatulutsa mipando n'kukhala panja pa kadzuwa, anthu odutsa akulambalala. Dokotala anali atauza a Tayub kuti akapitiriza bwino atha kubwerera mu Seputembala.

"Ndiye mubwerera kumbuyo kwanu, achimwene. Pagolo ndi panga."

"Mwamwa zingati inu chaka chino? Tiwerenge?"

"Ine ndinkatchinga ndi kutsogolo, ngati munthu."

"Koma penate munagwirapo?"

Anakangana mpaka tiyi anazizira. Potsiriza anagwirizana kuti nkhaniyi akaitule kwa kaputeni watsopano, yemwe timu inali itamusankha popanda wotsutsa. A Likongwe anati akayesa kuyankhula naye kunyumba, ngakhale sankayembekezera kukonderedwa. A Tayub anakuwira m'nyumba kuti abweretse tiyi wina, wopanda shuga, makapu awiri.